Sangowa ndi Bulauzi ya Amayi

Uyu ndi Maness. Maness amakhala ku Bangula, pafupi ndi mtsinje wa Shire. Amakhala ndi amayi ake. Amakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Elisha.

Maness ndi mwana wabwino. Koma Maness ndi waphuma. Akamadya, phuma. Akamayenda, phuma. Ngakhale popemphera, iye amanena "Ameni" ena asanamalize.

Maness ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona amayi ake atavala zoyera kutchalitchi.

Amayi anali ndi bulauzi yatsopano. Inali yoyera mbee. Anali ndi duku latsopano. Nalonso linali loyera mbee. Amayi ankayembekezera kulandiridwa m'gulu la amayi a mpingo. Pa tsiku limenelo amayi onse amavala zoyera. Amaima kutsogolo. Abusa amawapempherera.

Amayi anaphunzira nyimbo zonse za gululo. Ankaziimba posesa. Ankaziimba potsuka mbale. Maness naye anaziloweza, ngakhale sizinali zake.

Koma mvula inagwa. Inagwa, inagwa, inagwanso. Mtsinje wa Shire unadzaza. Madzi anasefukira. Analowa m'minda. Analowa m'nyumba. Analowanso m'sutikesi ya amayi, osanena n'komwe kuti odi.

Madzi ataphwa, amayi anatsegula sutikesi. Bulauzi ija sinalinso yoyera. Inali yamatope. Duku nalo linali lamatope.

Mjigo wa m'mudzi unali utawonongeka ndi madzi aja. Anthu ankatunga pachitsime cha kudambo. Madzi ake anali ngati tiyi wamkaka. Amayi anachapa bulauzi ndi madzi amenewo. Inauma yofiirira. Anachapanso. Inaumanso yofiirira. Sopo anatsala kachidutswa. Koma matope sangachape matope.

Amayi anapinda bulauzi ija. Anaibwezera m'sutikesi. Anati sangaime kutsogolo ndi chovala chotere. Tsiku lalikulu lija linali pafupi. Linali Lamulungu la sabata yomweyo.

"Ndidzapita chaka cha mawa," anatero amayi.

Kuyambira pamenepo amayi sanaimbenso posesa. Maness anamva chisoni kwambiri.

Akaweruka kusukulu, Maness amapita ku kalasi ya sayansi. Kalasiyi imakumana Lachitatu ndi Lachisanu. Imakumana pakhonde la tchalitchi. Amaphunzitsa ndi Aphunzitsi a Leah.

Kumabwera ana aang'ono. Kumabwera akuluakulu a ku sekondale. Kumabweranso Asiya, mnzake wa Maness. Bambo ake a Asiya amadula nzimbe ku esiteti. Kwawo amapemphera kumzikiti. Koma Aphunzitsi a Leah amati khonde lilibe chitseko. Aliyense abwere.

M'kalasi imeneyi ana salemba kwambiri. Amagwira zinthu ndi manja. Tsiku lina anayatsa kababu ndi batire. Tsiku lina anatola misomali ndi maginito. Tsiku linanso anadzala nyemba m'botolo, n'kumaona mizu ikutuluka.

Asanayambe amapemphera. Amathokoza Mulungu chifukwa cha maso, manja ndi nzeru. Kenako onse amanena mawu atatu.

"Ona. Funsa. Yesa."

Maness amakonda kwambiri "Yesa." Koma "Funsa" amangodumpha.

Lachitatu limenelo Aphunzitsi a Leah anabwera ndi botolo. M'botolomo munali madzi a kudambo. Analikweza m'mwamba kuti onse aone. Anati Lachisanu kalasi idzayeretsa madzi amenewo. Anati adzagwiritsa ntchito mtengo umene ana onse amaudziwa.

"Mtengo wanji, Aphunzitsi?" anafunsa Asiya.

"Sangowa," anayankha Aphunzitsi.

Ana anaseka. Sangowa? Kodi sangowa si ndiwo? Ku Bangula mitengo ya sangowa, imene ena amati chamwamba, ili ponseponse. Ena anaidzala ngati mpanda. Anthu amathyola masamba ake. Amaphika ndi tomato. Ena amathira nsinjiro. Mwana aliyense anakula nazo ndiwo zimenezi.

Maness yekha sanaseke. Anaganiza za amayi ake. Madzi oyera. Bulauzi yoyera. Aphunzitsi ankalankhulabe, koma miyendo ya Maness inali itafika kale pamsewu.

Asiya anamuthamangira. Anamuuza kuti adikire Lachisanu. Maness anapukusa mutu. Anati Lachisanu n'kutali, koma Lamulungu n'pafupi. Asiya anawerenga masiku pa zala. Sizinamveke. Koma Maness anali atapita.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa sangowa. Maness anauyang'ana. Anaona masamba. Anaonanso zitheba zazitali, zouma, zikulendewera m'mwamba. Zitheba zimenezo palibe amene amazilabadira. Zimangouma. Zimangogwa. Zimangosesedwa. Aliyense amadziwa kuti ubwino wa sangowa uli m'masamba.

Choncho Maness anathyola masamba. Anathyola odzaza lichero. Anawasinja mumtondo. Gu, gu, gu.

Pakhomo panali chidebe chachikulu cha madzi. Amayi anali atatunga m'mawa. Maness sanayese pang'ono kaye. Anakhuthulira masamba onse m'chidebemo. Anatakasa ndi kamtengo. Anadikira pang'ono. Anasuzumira.

Madzi sanayere. Anali biriwiri.

Elisha anabwera. Naye anasuzumira. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Achemwali, ndiwo zonsezi adya ndani? Mvuu?"

Amayi anafika kuchokera kumsika. Anayang'ana m'chidebe. Anayang'ana Maness. Sanakalipe. Mwina kukanakhala bwino akanakalipa.

"Mwananga, madzi amenewa ndinasenza kuchokera kudambo," anatero motsitsa mawu.

Maness anachita manyazi. Anakataya madzi aja patsinde pa nthochi. Anatenga kachidebe kake. Anapita kudambo kukatunga ena. Panjira misozi inkangotsika. Mumtima anati sayansi waileka.

Lachisanu linafika. Asiya anabwera kudzamutenga. Maness anakana. Anati mutu ukumuwawa. Amayi anamugwira pamphumi. Sipanali kutentha.

"Kufunsa ndi kudziwa njira," anatero amayi. "Pita ukafunse chimene chinalakwika."

Elisha anathamangira kuseri. Anabwera ndi kabotolo. Kodi mukudziwa zimene anachita? Anali atasunga madzi obiriwira aja kuti azionetsa anzake. Amayi anati Maness atenge kabotolo kameneko. Maness anakatenga. Njira yonse anakabisa kumbuyo.

Pakhonde ana anapemphera. Ananena mawu atatu aja. Aphunzitsi a Leah ali ndi maso akuthwa. Anafunsa chimene Maness wabisa. Maness anatulutsa kabotolo. Anafotokoza zonse atawerama. Ana ena anayamba kuseka.

Aphunzitsi sanaseke. Anakweza kabotolo m'mwamba. Anati Maness wathandiza kalasi yonse. Tsopano aliyense akudziwa kuti masamba sayeretsa madzi. Limenelo nalo ndi yankho.

"Koma pa mawu atatu aja, wadumpha ati?" anafunsa Aphunzitsi.

"Sindinafunse," anayankha Maness.

"Nanga unayesa pang'ono kaye?"

"Ayi, Aphunzitsi. Ndinawononga chidebe chonse."

Aphunzitsi anamwetulira. Anamuitana kuti aime pafupi ndi tebulo. Anati lero manja ogwira ntchito akhala a Maness.

Patebulo Aphunzitsi anaikapo mabotolo atatu. Onse anali ndi madzi a kudambo. M'botolo loyamba sanathiremo kanthu. M'botolo lachiwiri anathiramo masamba osinja. Botolo lachitatu linkadikira.

Aphunzitsi anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa chitheba chouma cha sangowa. Inde, chomwe chija chimene aliyense amangosesa. Anachithyola pakati. Njere zinagwera patebulo. Njere iliyonse inali ndi timapiko topyapyala.

Maness anasenda njere ziwiri. M'kati munali koyera ngati mtedza. Anaziphwanya ndi supuni. Zinakhala ufa. Anathira ufawo m'botolo lachitatu. Anatseka. Anakhutchumula mwamphamvu. Kenako anazunguza pang'onopang'ono. Analiika pansi.

"Tsopano tidikire," anatero Aphunzitsi. "Wina asakhudze tebulo."

Kudikira n'kowawa kwa mwana waphuma. Maness anasuzumira. Palibe chinasintha. Anasuzumiranso. Palibe chinasintha. Dzanja lake linkafuna kugwira botolo. Anakhalira manja ake onse awiri kuti asachite kanthu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Aphunzitsi.

Podikira, Aphunzitsi anafotokoza. Anati matope a m'madzi ndi tinthu ting'onoting'ono. Kalikonse kamayandama pakokha. N'kopepuka, sikangamire. Koma ufa wa njere umatigwira tinthu timeneti. Umatiphatikiza pamodzi. Tikaphatikizana timalemera. Tikalemera timatsikira pansi.

M'kalasimo munali mnyamata wamtali wa ku sekondale, dzina lake Humphrey. Iye anafunsa kuti mtengowu unaphunzira kuti ntchito imeneyi.

"Anaupanga ndi Mulungu," anayankha Aphunzitsi. "M'masamba anaikamo chakudya. M'njere anaikamo ntchito ina. Koma sanakhome chikwangwani pamtengo. Anatipatsa maso ndi manja kuti tifufuze tokha."

Maness anaganiza pang'ono. Kenako anakweza dzanja. Aka kanali koyamba Maness kufunsa funso m'kalasi.

"Ndiye kuti Mulungu ankadziwa kale za bulauzi ya amayi anga?"

Aphunzitsi anafunsa kuti bulauzi yake iti. Maness anafotokoza. Anafotokoza za sutikesi. Anafotokoza za sopo wotsala kachidutswa. Anafotokoza za Lamulungu. Ananenanso kuti amayi analeka kuimba. Ulendo uno palibe anaseka.

Ana anaimba nyimbo. Anasewera pabwalo. Dzuwa linapendeka. Kenako Asiya anabwerera pakhonde. Anaima chilili. Anakodola anzake ndi dzanja.

Onse anazungulira tebulo. Botolo loyamba linali lofiirirabe. Botolo lachiwiri linali biriwiri. Koma botolo lachitatu linali litasintha. Matope onse anali atakhazikika pansi. Pamwamba madzi anali mbee. Maness anayang'ana kudzera m'botolomo. Anaona diso la Asiya mbali inayo.

Ana anawomba m'manja. Maness anadumpha. Anasangalala kwambiri.

Elisha anali atawatsatira mwakachetechete. Anati ali ndi ludzu, amwe. Aphunzitsi anakana. Anati madzi oyera m'maso si onse akumwa. Mungakhale tizilombo tosaoneka. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kaye, kapena kuthiridwa kulorini. Koma pochapira zovala, madzi amenewa ndi abwino ndithu.

Maness anayang'ana botolo lija. Linali laling'ono. Bulauzi singachapidwe m'botolo. Pankafunika madzi ambiri. Pankafunikanso njere zambiri. Ndipo zitheba zouma zili m'mwamba, kumene Maness safika.

Humphrey anati kwawo kuli nsungwi yaitali. Asiya anati abwera ndi sefa. Ena anati abwera ndi zidebe. Paja mutu umodzi susenza denga.

Loweruka m'mawa ana anakumana. Anayenda nyumba ndi nyumba. Pakhomo lililonse ankati odi. Ankapempha zitheba zouma za sangowa. Anthu anadabwa. Mayi wina anafunsa ngati njala yafika mpaka pamenepa. Bambo wina anati atenge zonse, amupeputsira ntchito yosesa.

Humphrey ankagwetsa ndi nsungwi. Ang'onoang'ono ankatola. Thumba linadzaza.

Anafika kwa Maness. Anakhala pamthunzi. Anathyola zitheba. Anasenda njere. Anasinja mumtondo. Gu, gu, gu. Asiya anasefa. Ufa unatuluka woyera.

Amayi ankayang'ana ali pakhomo. Ankakumbukira ndiwo za mvuu zija.

"Nkhabe, mwananga," anakana amayi. "Usandiwonongerenso madzi."

"Amayi, lero ndiyesa pang'ono kaye," anatero Maness.

Maness anatunga madzi m'kapu imodzi. Anathiramo kaufa pang'ono. Anatakasa. Anaika kapu pansi. Anadikira. Madzi atadikha, anapita nayo kwa amayi. Anayenda pang'onopang'ono, atagwira ndi manja awiri. Amayi anasuzumira. Anaona matope ali pansi. Anaona madzi ali mbee pamwamba. Anangoloza chidebe chachikulu chija.

Aphunzitsi a Leah anafika pa njinga yawo. Anathandiza ana kuyeza ufa wokwanira. Maness anasungunula ufawo m'kabotolo. Anathira m'chidebe. Anatakasa mwamphamvu. Kenako anatakasa pang'onopang'ono. Anzake anachitanso chimodzimodzi m'zidebe zina.

Kenako onse anadikira.

Elisha anayandikira chidebe. Chala chake chinkafuna kulowa m'madzi. Maness anamugwira mkono.

"Iwe Elisha, phuma si labwino. Dekha."

Asiya anaseka mpaka kutsokomola. Amayi nawo anabisa pakamwa ndi chitenje.

Madzi anadikha. Matope anatsikira pansi. Asiya ndi Humphrey anagwira kansalu koyera pamwamba pa beseni. Maness anatsanula madzi pang'onopang'ono. Anasiya matope m'chidebe. Beseni linadzaza madzi oyera.

Amayi analowa m'nyumba. Anatsegula sutikesi. Anatuluka ndi bulauzi ndi duku. Anazinyika m'beseni. Anapaka kachidutswa ka sopo kaja. Anafikisa. Madzi anafiira, chifukwa matope ankatuluka m'nsalu. Anataya madziwo. Maness anatsanula ena. Amayi anachapanso. Anatsukuluza. Anatsukuluzanso. Kenako anayanika pachingwe.

Dzuwa la ku Bangula silinyengerera munthu. Koma tsiku limenelo linali bwenzi. Linaumitsa bulauzi. Linaumitsa duku. Ana onse anaima pansi pa chingwe, makosi ali m'mwamba.

Bulauzi inali yoyera mbee. Duku linali loyera mbee.

Amayi anaanula bulauzi. Anaitembenuza uku. Anaitembenuza uko. Anayang'ana kolala. Anayang'ana manja. M'maso mwawo munalengeza misozi. Anakumbatira Maness ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo anakweza bulauzi m'mwamba kuti isade.

"Takhuta, mwananga," anathokoza amayi. "Takhuta, ana inu nonse. Takhuta, Aphunzitsi."

Kuseri kwa mpanda kunali maso ambiri. Anali amayi ena a mpingo. Nawonso mabulauzi awo anali ofiirira. Mmodzi anatsokomola. Anafunsa ngati ufa uja watsalako. Anali mayi yemwe uja anafunsa za njala.

Ufa unali utatsala. Maness anawaonetsa njere. Anawaonetsa kasendedwe kake. Anawauza kuti ayese pang'ono kaye. Anawauza kuti adikire madzi adikhe. Anawauzanso kuti akumwa awiritse. Madzulo amenewo zingwe zambiri zinayera.

Lamulungu linafika. Belu linalira. Tchalitchi chinadzaza. Maness anakhala kutsogolo ndi Elisha. Aphunzitsi a Leah anakhala pambuyo pawo.

Nyimbo inayamba. Amayi a mpingo analowa pamzere. Onse anali mbee. Pakati pawo panali amayi a Maness. Duku linali pamutu. Bulauzi inkawala. Ankaimba ndi mawu awo onse. Maness naye anaimba, poti nyimbozo ankazidziwa kale.

Amayi anaima kutsogolo. Abusa anakweza manja. Anayamba kupemphera. Pemphero linali lalitali. Anathokoza Mulungu chifukwa cha amayiwo. Anathokoza chifukwa cha madzi amene aphwa. Anathokozanso chifukwa cha ana ndi mitengo.

Maness anatsinzina. Kenako anatsegula diso limodzi pang'ono. Anaona amayi ake ataima, atavala zoyera. Anatsinzinanso. Sanafune kuti pempherolo lithe msanga. Abusa atamaliza, mpingo wonse unati "Ameni." Maness anali womalizira kunena.

Atafika kunyumba, amayi anavula bulauzi. Anaipinda bwino. Ulendo uno sanaiike m'sutikesi ya pansi. Anaiika pamwamba, pamene madzi sangafike.

Kenako anatenga lichero. Anapita kuseri kwa nyumba. Maness ndi Elisha anawatsatira. Amayi anayamba kuthyola masamba a ndiwo. Maness anayamba kutola zitheba zouma.

"Masamba ndi anga," anatero amayi. "Njere ndi zako."

"Nanga ine?" anafunsa Elisha.

"Iwe ukaitane mvuu ija," anatero Maness. "Uiuze kuti lero ndiwo zachepa."

Onse anaseka. Amayi anapitiriza kuthyola masamba. Ndipo anayambanso kuimba.